Chaka Chimene Kamlendo Sikanaimbe

Chitini cha mbewu ya chimanga chinkakhala pamwamba pa khoma m'nyumba yathu ya kumalaini a antchito a pa esiteti ya tiyi, ndipo ife ana tinkachiyang'ana ngati nyama yopachika. Unali Okutobala, tiyi atasiya kuphuka, esiteti itapumitsa aganyu onse, abambo ali m'gulu lomwelo. Mphepo inkangonunkha fumbi ndi bulugama. Chakudya chathu chonse cha chaka chamawa chinali m'chitinimo, choncho amayi sankaponya mbewu m'nthaka mwachisawawa. Ankadikira kambalame.

Kanali kakang'ono ngati timba, kobiriwira pamsana, kachikasu pakhosi. Kankatulukira m'kankhalango ka kumtsinje mvula yeniyeni ikayandikira, n'kudzasowanso nthawi yokolola. Amayi ankakatchula kuti kamlendo. Bambo awo, amene anachokera ku Mozambiki, sanabzalepo kamlendo kasanaimbe, ndiye kwa amayi nkhani inathera pomwepo. Khutu lawo ndinali ine mwana wamkazi: m'mawa uliwonse, pochokera kotunga madzi, ndinkaima n'kumvetsera.

Koma chaka chimenecho njala inali itatuma anthu kukankhalangoko ndi nkhwangwa. Kunatsala zitsa ndi utsi wa makala, ndipo kwathu palibe amene anaganiza zoti mbalame imafuna nthambi yoterapo.

Mvula inagwa, nthaka n'kununkhira, anthu n'kuthamangira kuminda. "Chizimalupsa ichi, singabzalitse," anatero amayi. "Wakamva iwe?" Ndinati ayi. Inagwanso, n'kugwanso. Abambo anachonderera mpaka mawu kusasa, amayi n'kumangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale ankatsitsa chitini pafupipafupi kuti aone ngati anankafumbwe alowamo. Ine ndinkaima pakati pa zitsa, ndowa ili pamutu, misozi ili mbwembwembwe, kupempha Mulungu kamluzu kamodzi kokha. Ndinkachita mantha osaneneka, chifukwa nyumba yonse inkayang'ana pakamwa panga.

Tinabzala kamlendo kasanaimbebe, chimanga cha anzathu chikulekeza m'mawondo. Mvula inadula chathu chikungoyamba ngayaye, ndipo tinakolola mapesi. Pofika Juni pakhomo panali pakamwa pambiri, ndiye ananditumiza ku Limbe kukalera mwana wa eni. Sitandade faifi yanga inathera pomwepo.

Amayi sindiwada ayi; ankasunga zimene anawasiyira. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa chimodzimodzi. Koma mawu amodzi okha, akuti "ndakamva," akanandisiya pasukulu.