Makutu a Vernon Tackett

A Vernon Tackett anakulira kumunsi kwa damu, kumapiri a ku Arkansas, ndipo ntchito yawo inali yoperekeza alendo kukawedza nsomba za tirauti. Nyengo yozizira ndiye inali yawo. Mitsinje ina ikaundana, wawo unkayendabe, poti madzi ake amatulukira pansi pa damu. Nthawi imeneyi nsomba zimagwidwa ulesi, zimangoti phee m'maiwe, ndiye a Vernon ankatenga timbedza tochepa ngati njere ya mpunga n'kutikulunga ulusi wakuda kuti tioneke ngati tizilombo. Kumtsinje ankapita dzuwa litakwera. "Kulawirira n'kwa anthu osazidziwa nsomba," ankatero.

Koma kukazizira kwambiri, anthu m'matauni amayatsa zotenthetsera nyumba, ndipo apadamu amatsegula madzi kuti magetsi achuluke. Asanatsegule amaliza lipenga. Ukalimva umasiya zonse, kaya nsomba ili kumbedza, n'kuthawira kumtunda.

Lipengalo a Vernon anali atasiya kulimva. Makutu ankatha pang'onopang'ono, ndipo ankadziwa ndi akazi awo okha, a Darlene.

"Mudzaphetsa mwana wa eni ake, inu," anatero a Darlene m'mawa wina akuwathirira khofi. "Dzulo ndinakuitanani mpaka kunabwera galu wa aneba, inu osacheuka."

"Ndimachita kusankha zomva, mayi."

A Vernon anaseka, koma mantha anali nawo. Nzeru imene anapeza inali yoyang'ana mlendo, poti lipenga likalira munthu amadzutsa mutu. Choncho maso awo sankachoka pa alendo.

Tsiku lina mu Januwale anatenga mphunzitsi wa ku Memphis, Russell Pruitt, munthu waulemu wosadziwa kutsutsa. Onse awiri anavala mabuluku a mphira ofika m'chifuwa n'kuwolokera pakachilumba ka miyala pakati pa mtsinje. Kunazizira moti chingwe chinkaundana m'timphete ta ndodo yowedzera, mpaka kumaiviika m'madzi kuti chimasuke. Russell anali chiweramire, maso pachingwe.

Kenako a Vernon anaona masamba ouma akudutsa, ambirimbiri. Madzi anali atada. Mwala umene anasiyapo ukonde wawo sunkaonekanso. Anatembenukira kwa Russell.

"Tayani ndodoyo. Gwirani lamba wangayu, musataye."

Pobwera madzi ankalekeza m'mawondo, tsopano anali m'chiuno, akukankha. Pakati penipeni Russell anaterereka, madzi n'kudzaza buluku lake, munthu n'kulemera ngati thumba la mchenga. A Vernon anamugwira pakolala n'kumakoka, miyendo yawo itachita dzanzi, osadziwa pomwe akuponda. Anaganiza za mkazi wa munthuyu, yemwe ndi dzina lomwe sankalidziwa. Anakatulukira kumunsi kutali, atakakamira mizu ya mtengo.

M'galimoto Russell ankanjenjemera, mano akugundana, milomo itachita bii. A Vernon anaiyang'anitsitsa milomoyo kuti amve yankho.

"Lipenga lija simunalimve, aphunzitsi?"

"Ndinalimva bwinobwino, bambo, kalekale. Koma poona kuti inu simukutekeseka, ndinati eni mtsinje akudziwa. Ndi mutu womwe sindinadzutse, kuopa kuoneka wamantha."

A Vernon anagwira chiwongolero n'kuliza galimoto. Mawa lake panali alendo ena owadikira, bambo ndi mwana wake wamkazi. Atafika kunyumba anapempha a Darlene kuti awaimbire anthuwo asabwere, poti iwo pafoni sakanamva kanthu.