Nsambo za Kagitala ka ku Mchesi

Bambo anga ankakhulupirira kuti nsambo yeniyeni ndi waya wa mabuleki a njinga, basi. Kwawo ku Thyolo anakula akuimba banjo ya chigubu, ndipo atabwera ku Lilongwe kudzagwira ntchito ya ukalipentala sanasinthe maganizo. Loweruka masana ankakhala pakhonde pathu ku Kawale, kumasula waya wa buleki, kusankhamo timawaya towongoka, n'kumanga pa banjo yawo.

Sitiroko inawagwira m'zaka zimene mafoni a m'manja ankayamba kufika m'makomo mwathu. Anachira ndithu, kuyenda ankayenda, koma dzanja lamanzere linatsala lofooka. Tsono waya amafuna chala champhamvu chomukanikiza. Anayesa kamodzi, banjo inangokhosomola, iwo n'kuikweza pamwamba pa kabati. Kuchokera pamenepo anasanduka munthu wongoyang'ana msewu. Ine mwana wawo wamkazi, amene ndinatsala nawo pakhomo, zimenezi zinkandipweteka kuposa matendawo. Ndinkaopa kuti akapanda kuimbanso tiwataya akadali moyo.

Tsiku lina ndinapeza kagitala kakang'ono pa kaunjika ku Mchesi, pakati pa zidole ndi nsapato za ana. Kanali ndi malo a nsambo zinayi, koma kopanda nsambo ndi imodzi yomwe. Wogulitsayo anati n'koseweretsa ana. Dzina loti ukulele ndinadzalimva patapita zaka.

Bambo anakatembenuza uku ndi uku, n'kukagogoda pamimba.

"Thabwa lake ndi labwino," anatero. "Pita kwa okonza njinga akakupatse waya."

"Ababa, si waya yemweyo wakukanikani?"

"Iwe, unayamba waimbapo chiyani?"

Ndinapita, poti makani a bambo anga sindikanawatha. Anamanga waya woyamba, wachiwiri, n'kuyamba kukunga. Posakhalitsa kathabwa kogwira nsambo kumunsi kanayamba kutukuka, guluu akuthetheka. Anamasula msangamsanga.

"Kameneka n'kaulesi ngati dzanja langali," anatero, osaseka.

Mawuwo anandilasa, komanso anandipatsa nzeru. Ngati kagitala ndi dzanja zinali zofooka mofanana, zinkafunika nsambo yofewa. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, kusitolo ina yogulitsa mbedza ndi twaini wake wa nayiloni. Mnyamata wa m'sitolomo anandifunsa kuti, "Nsomba zake ndi zazikulu bwanji, amayi?" Nditamuuza kuti ndi zoimbira, anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Twaini aliyense ndinkamukunga pakauntala n'kumukanikiza ndi chala changa chaching'ono, poganiza kuti mphamvu zake n'zimene zinatsala m'zala za bambo. Amene ankandipweteka ndinkamusiya. Ndinatenga anayi onenepa mosiyana.

"Nsambo za twaini? Wanditenga ngati mwana wa sukulu eti?" anatero bambo nditafika. Koma anamanga, ine ndikuwagwirira mfundo.

Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti nayiloni watsopano amatamuka. Akatchuna bwinobwino, asanamalize ndime imodzi mawu atsika kale. Akungenso, atsikenso. "Nsambo zabodza izi!" ankakalipa, n'kuponya kagitalako pampando. Ine ndinkangodikira tsiku limene adzanene kuti ndikataye. Koma m'mawa ndikamasesa ndinkapeza kasuntha malo, kutanthauza kuti akagwiranso ine ndisakuona.

Panopo ndikamaganiza ndimaona kuti vuto silinali zala zokha. Waya amamvera tsiku lomwelo: ukamukunga, wakungika. Nayiloni amafuna kumunyengerera lero, mawa, mkuja, mpaka atavomera yekha. Bambo anga anali asananyengererepo kanthu moyo wawo wonse. Thabwa likavuta ankalimenya ndi hamala, ifenso tikavuta ankangotiyang'ana kamodzi. Pa ukalamba wawo anayenera kuphunzira kudikira, ndipo mphunzitsi wake anali twaini wogwirira nsomba.

Tsiku lina masana ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva kaphokoso kapansipansi. Ndinazungulira, manja ali thovu lokhalokha. Anali pakhonde, mutu ataweramitsa, akuimba nyimbo ina ya kwawo. Zala zinkachedwa, koma zinkafika, ndipo nsambo zinali zitagwira. Mawu a kagitalako anali aang'ono moti minibasi itadutsa inawameza onse.

Atandiona anasiya.

"Kuseriko zimamveka?"

Ndinafuna kunama, koma bambo anga bodza ankalinunkhiza patali.

"Pang'ono chabe, Ababa."

Anayang'ana zala zawo. Ndinachita mantha kuti ndawononga zonse. Kenako anasendera kumapeto kwa benchi, n'kumenyapo ndi dzanja lofookalo.

"Ndiye ukuimiranji patali? Khala apa, ndiyambirenso."