Kasitima ka Bambo Kali ku Area 12

Bambo anga anali kalipentala ku Old Town, ndipo pamwamba pa kabati kunyumba kwathu ku Area 4 pankakhala kasitima kamatabwa, kotalika ngati mkono. Anakasema okha pathabwa la sitima yeniyeni imene agogo, bambo awo, ankagwiramo ntchito pa mtsinje wa Shire. Sitimayo inali ndi magudumu awiri m'mbali opalasira madzi, ndipo nkhuni inkadya zosati masewera. Agogo ndiwo ankasonkhezera moto. Itakalamba anangoisiya pamchenga, anthu n'kumazula matabwa, agogo n'kutolako limodzi.

Wopukuta fumbi Loweruka lililonse ndinali ine. Mbiri yake ndinkaidziwa ngati dzina langa.

Bambo atamwalira, akuluakulu pogawa katundu anati kwathu chinthu chotere chimapita kwa mwana wa mlongo wa malemu, osati mwana wobereka. Basi kasitima kanakwera galimoto ya msuweni wanga, munthu woti kwa amalume ake ankangosuzumirako mwa apo ndi apo. Zinandiwawa, ndipo sindinapolebe.

Chaka chatha anandiitana kwake ku Area 12. Mlonda atatsegula geti, ndinalowa ndi nsanje yanga yonse. Kasitima ndinakapeza pabalaza, m'bokosi lagalasi, kali waliwali. Atayamba kufotokozera anzake a ku City Centre amene anali pomwepo za kasitimako, ndinadikira kuti aphonye mbiri, ndimuyalutse pamaso pawo. Koma ayi ndithu, mwana wa azakhali anaifotokoza bwinobwino, za nkhuni, za mchenga, osadumpha kanthu.

Kenako anatsegula bokosilo n'kuloza gudumu lakumanzere, pamene panalibe kathabwa kamodzi. Ine kuyambira ubwana ndinkayesa kuti ndinakathyola ndine popukuta, moti ndinkalozetsa mbali imeneyo kukhoma kuti bambo asaone.

"Amalume anasiya dala apa," anatero. "Pa sitima yeniyeniyo thabwa limeneli linathyoka tsiku limene mng'ono wawo wa agogo anagwera m'gudumu."

Zoti agogo anali ndi mng'ono wawo ndinazimvera pomwepo. Ndinamufunsa kuti anamuuza ndani.

"Amalume omwewo, tikumwa tiyi kuntchito kwawo. Inu sanakuuzeni, asuweni?"

Ndinayankha kuti anandiuza, kungoti ndinaiwala. Linali bodza. Atati andiperekeze pagalimoto ndinakana, ndinayenda wapansi mpaka pokwerera minibasi.