Manja Owawa Fodya

Kuseri kwa nyumba yathu ku Nsaru kumakhala mkulu wina amene anakalambira pa utenanti wa fodya. Anthu amawaseka chifukwa sangaone khanda osapempha kulinyamula. Amayamba asamba m'manja ndi sopo, ngakhale fodyayo anasiya kalekale, kenako amaligoneka pachifuwa n'kumalisisita pamsana mpaka ligone.

"Phala limangodzaza mimba," amawauza choncho amayi ochokera kusikelo. "Mwana amakula ndi manja."

Akazi awo akamva zimenezi amangopukusa mutu. Amati ana awo ali aang'ono, bamboyu sankawakhudza n'komwe. Manja ankakhala ali bii ndi utomoni wa fodya, ndipo mwana akalira ankangokalipa kuti, "Musiyeni, mumuzoloweza manja!"

Chaka chatha mwana wawo woyamba, Duncan, anabwera kuchokera ku Kasiya kudzaonetsa khanda lake. Mkuluyo anasamba m'manja mwa nthawi zonse, analilandira, ndipo posakhalitsa linagona tulo pachifuwa pawo. Duncan anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anafunsa.

"Kodi bambo, inenso munkandinyamula chonchi?"

"Manja anali owawa fodya, mwana wanga," anayankha mkuluyo motsitsa mawu. "Ndinkaopa kukudwalitsa."

Atatero anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa. Koma Duncan, munthu wa ndevu zake, anazinda n'kubweza mutu ngati mwana woti amenyedwa khofi. Onse awiri anagwetsa nkhope ndi manyazi. Dzanja lija, losambitsidwa bwinobwino ndi sopo, linangotsala m'malere.