Sukulu Imaoneka M'mawa pa Geti

Chaka chimene chisanu chinawaula kachewere wathu kudimba ndicho ndinaganiza zopita kukagwira ntchito kutauni. Kwathu ndi kwa Kaphuka, ku Dedza. Bambo a mwana wanga anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo ankabwera kamodzi pachaka. Asisitere a kumishoni anandiuza kuti ku Zomba kuli banja la azungu limene likufuna mlezi wa mwana, munthu wosapsa mtima msanga. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma Chingerezi chopemphera madzi akumwa ndinali nacho.

Mwana wanga Felista anali ndi zaka zinayi. Ndinamusiya m'manja mwa akulu anga, a Nasitaziya. Atandiperekeza pa Linthipe podikirira basi, anati, "Khadi la chipani watenga? Asakakutsitse panjira n'kutichititsa manyazi. Za mwana usadere nkhawa. Akamalira ndizimuuza kuti wapita kukagula shuga."

Ku Zomba anandipatsa kanyumba ka kuseri, koyera bwino, ka magetsi. Koma kudya wekha kumawawa. Lamlungu tikaweruka Misa anthu ankabalalika aliyense kwa abale ake, ine n'kubwerera kukakhala pakhonde kuyang'ana phiri. Mwezi ukatha ndinkapereka ndalama, sopo ndi shuga kwa dalaivala wa lole yobweretsa kachewere kumsika, munthu wakwathu. Makalata ankabwera pa lole yomweyo, akununkha dothi. Kalata ina a Nasitaziya anamaliza ndi mawu akuti, "Felista akupereka moni kwa amayi a ku Zomba." Analemba mwachikondi, koma mawuwo anandiwawa sabata yonse. Ndinali nditasanduka amayi a kwinakwake.

Mwana amene ndinkalera anali Hana. Makolo ake anachokera kudziko kumene salankhula Chingerezi, ndipo abwana ankagwira ntchito ya zamadzi m'boma. Hana anali wamanyazi kwambiri. Mlendo akangofika, ankabisala kuseri kwa chitenje changa. Chichewa anachigwira msanga kuposa Chingerezi, Chichewa cha ku Dedza chenicheni, moti wophika wa panyumbapo ankamutcha Nangozo.

Nditakhala zaka ziwiri, maofesi a boma anayamba kusamuka ku Zomba. Abwana anauzidwa kuti asankhe okha, ofesi ya ku Blantyre kapena ya ku Lilongwe. Iwo anati kulikonse madzi ndi madzi. Adona anati chosankhira ndi sukulu ya Hana, chifukwa mizinda yonse iwiri inali ndi sukulu ya ana ochokera kunja.

Anatenga pepala lalikulu, n'kulemba mzere pakati. Mbali ya Blantyre analemba masitolo aakulu, chipatala chachikulu, nyumba zakale za mitengo ya mthunzi. Mbali ya Lilongwe analemba nyumba zatsopano, misewu yotakata, komanso fumbi, poti mzinda unali ukumangidwa ndipo mitengo inali isanakule. Pa za sukulu pepala linalephera. Uku dziwe losambira, uko dziwe losambira. Uku chipinda cha mabuku, uko chimodzimodzi. Adona ankangoluma pensulo.

Inenso ndinali ndi pepala langa mumtima, la mzere umodzi wokha. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Linthipe ndi ulendo waufupi pa basi. Tikanasamukira kumeneko, bwenzi ndikumuona Felista Lamlungu lililonse. Adona sankadziwa zimenezi. Kwa iwo Dedza linali dzina chabe.

Atati tipite kukaona sukuluzo, ndinapempha kuti tizifika m'mawa belu lisanalire.

"Ahedi atiuza kuti tifike 10 koloko," anatero adona. "Tikachite chiyani m'mawa?"

"Kwathu khola labwino timalionera pa mbuzi, adona. Zikamalowa zokha, ndiye kuti m'kati muli bwino. Zikamafuna chikoti, muli utitiri kapena denga likudontha. Pa 10 koloko mbuzi zimakhala zitalowa kale."

Anaseka mpaka kupukuta misozi, koma anavomera.

Tinayamba ku Blantyre. Adona anakhala m'galimoto kudikira nthawi yawo, ine ndi Hana tinakaima pa geti pamodzi ndi alezi anzanga. Ana ankati akatsika, n'kutaya dzanja la mlezi, liwiro kulowa m'kati. Pa geti panali mphunzitsi wina wa imvi, atanjuta, akupereka moni kwa mwana aliyense pomutchula dzina. Ndinafunsa mlezi wina wa ku Mulanje za mayiyo.

"Amenewo ndiye sukulu yake," anatero. "Wangayu anabwera osadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Ana otero amawatenga pawokha m'mawa uliwonse. Lero akumandikonza ine Chingerezi, mwana wopanda mwambo."

Sabata yotsatira tinapita ku Lilongwe. Podutsa pa Linthipe ndinangoyang'ana mawondo anga. Tinagona kwa anzawo a adona, m'mawa tili pa geti. Ndinkapemphera kuti ndione zokoma zokhazokha, ndipo zokoma zinalipo. Sukulu inali yokongola, ana ankathamanga. Koma mabanja ankafika mumzindawo mwezi ndi mwezi, ndipo pa geti panali piringupiringu. Mlezi wina wachikulire anamuyang'ana Hana, amene anali atandigwira chitenje ndi manja onse awiri.

"Sukulu ndi yabwino, mwana wanga," anatero. "Koma masiku ano nkhope zikusintha temu iliyonse. Mwana wolongolola amapeza anzake tsiku lomwelo. Wachete ngati wanuyu adzayamba wadikira."

Pobwerera, titangotuluka mumzinda, adona anandifunsa. "Rozina, mbuzi zako zati chiyani?"

Bodza linali lokonzeka pakamwa. Likanakhala laling'ono, liwu limodzi lokha, ndipo palibe akanalidziwa. Hana anali atatsamira pamiyendo panga akuseweretsa korona wanga wopempherera. Ndinaganiza kuti wina atawanamiza a Nasitaziya pa za Felista chifukwa cha zofuna zake, ndingamutche dzina lanji.

"Zonse ndi zabwino, adona. Koma ya Hana ndi ya ku Blantyre."

Ndinawauza za mphunzitsi wa imvi uja, kenaka ndinatembenukira kuwindo kuti asandione m'maso.

Pa Linthipe adona anaimitsa galimoto kuti agule kabichi ndi tomato. Amayi a malichero anatizungulira, ndipo mmodzi anasuzumira m'kati.

"Kodi si Rozina uyu? Amake Felista, mwayamba kuyenda pagalimoto tsopano? Ndiye mungodutsa ngati nduna, osakamuona mwana?"

Ndisanayankhe, Hana anali atawamasulira kale amayi ake m'chilankhulo chawo. Adona anazimitsa injini.

"Kwanu ndi kuno? Pafupi chonchi ndi Lilongwe? Bwanji sunanene?"

"Munandifunsa za Hana, adona. Simunandifunse za ine."

Analizanso injini. Kenaka anati, "Njira yake ndi iti?"

Galimoto inalowa mumsewu wafumbi, kabichi akugubuduzika kumbuyo. Kumudzi a Nasitaziya anatuluka m'dimba manja ali matope, akufuula kuti alendo obwera osanena adya nkhwani wopanda tomato. Felista anali atatalika. Atandiona anabisala kuseri kwa chitenje cha a Nasitaziya, ndendende mmene Hana ankabisalira kwa ine. Ana awiriwo anasuzumirana. Ndiye Hana, mwana amene sankalankhula ndi alendo, anatuluka n'kunena kuti, "Iwe, tiye ukandionetse mbuzi zanu." Mudzi wonse unagwa nacho chiseko.

Tinasamukira ku Blantyre. Ndinapangana ndi adona kuti ndikhala mpaka tsiku limene Hana adzalowe yekha pa geti, kenaka ndizipita kwathu. Zinatenga matemu awiri. M'mawa wina anangotaya dzanja langa n'kuthamangira kamtsikana kena ka ku India. Mwezi womwewo ndinamanga katundu. Adona anandipatsa makina awo osokera a pamanja, amene mpaka lero ndimasokera mayunifolomu, ndipo bambo a Felista atamva anabwerako ku Kasungu kudzadzutsa dimba.

Ndinafika Felista atayamba kugwira khutu podutsitsa dzanja pamutu, kusonyeza kuti wakwana kuyamba sukulu. Kwathu zinalipo ziwiri, ina pafupi, ina kutsidya kwa dambo. Ndinatulutsa pepala, n'kulemba mzere pakati monga ankachitira adona. Ndinkafuna a Nasitaziya aone kuti kutauni sindinangopita kukachapa matewera.

"Pepalalo sunga, udzakulungire mbewu ya tomato," anatero. "Ndinapitako kale konsekonse, m'mawa katatu. Ya pafupiyi ana amalowa ngati akukabayitsa jakisoni. Ya kutsidya amathamanga, ngakhale mame awanyowetse mpaka m'mawondo."

"Ndi mmene ndinawasankhira azungu aja," ndinatero monyada. "Ndinawauza za khola la mbuzi."

"Ukuyesa unazitola ku Zomba? Amayi anandisankhira sukulu motero iwe uli kumsana, ukuyamwa chala. Wapita kutali kukagulitsa nzeru za pakhomo pano, ndiye ukubwera nazo ngati zogula m'sitolo."

Tinaseka mpaka Felista anabwera kudzafunsa chimene chachitika.

Tsiku lotsegulira ndinamuperekeza ndekha. Kunali nkhungu, ndipo tinawoloka dambo nditamubereka kuti yunifolomu isanyowe. Sukulu ya kutsidya ilibe geti, ili ndi mtengo wa bulugamu pamene anapachika chitsulo cha belu. Titafika pamtengopo, Felista anataya dzanja langa n'kuthamanga osacheuka. Zaka zonse zija ndinkaopa chinthu chimenechi, kuti mwana wanga adzandisiya osacheuka. Tsiku limenelo ndinangoima ndikumwetulira ngati wopusa.

Ali pakhomo la kalasi, kamnzake kena kanaloza kumtengo n'kumufunsa kuti wabwera ndi ndani. Mphepo ya m'mawa inandibweretsera yankho lake.

"Ndi amayi anga."

Za ku Zomba sanatchule.