Mkamwini Amene Ananenepetsa Apongozi Ake

Aliyense amene anamwako tiyi pa Santhe anaionapo nkhuku ya Sankhani. Ili pakhoma la tiyirumu iliyonse, yaima ndi mwendo umodzi pambali pa kapu, yonenepa kuposa nkhuku iliyonse imene inaphedwapo m'boma la Kasungu. Mukalowa m'katimo mupeza sikono youma ndi tiyi wongonunkhiza shuga, koma umenewo si mlandu wa Sankhani. Iye anamulemba ntchito yojambula, osati yophika.

Kwawo ndi kwa Mwase. Kuno anabwera chikamwini, atakwatira Lefina, mwana wa aFainess Nambewe, ndipo anamanga nyumba kuseri kwa chigafa cha fodya cha apongozi akewo. Munda umene amalima ndi wa mbumba ya mkazi wake. Ana ake nawonso ndi a mbumba yomweyo. Zake zenizeni ndi njinga, mabulashi ndi zitini za penti. Mkamwini wotere amaponda pansi mosamala, chifukwa akangolakwa amamulozera njira imene anadzera, ana n'kutsala.

Khasu silinamukonde, iyenso sanalikakamize. Anzake akamasoka fodya m'chigafa, iye ankatola kamtengo n'kumajambula nkhope zawo padothi. ANambewe ankauza Lefina, mokweza kuti mawu adutse chigafa chonse: “Anzanga anapeza akamwini, ine ndinapeza choko.”

M'zaka zija makuponi a feteleza anali nkhani ya m'mawa ndi madzulo, Sankhani anapeza anzake awiri odwala nthenda yakeyo. Wina anali Tiyamike, mtsikana wophunzitsa ana a sitandade filii, amene ankajambula makatuni kuseri kwa machati a sukulu. Wina anali Ernest, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, amene ankajambula ndi makala pa ziguduli zong'ambika za ku esiteti. Ankakumana tsiku la msika pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa okazinga tchipisi, ndipo mwina fungo la mafutalo ndi limene linawapatsa nzeru yopanga buku la makatuni la nkhani za chakudya. Aliyense ajambule nkhani yake, buku likhale limodzi.

Tiyamike anajambula chitumbuwa chikuthawa ana a sukulu pa nthawi ya buleki. Ernest anajambula nankafumbwe akudandaula kuti matenanti akumudyera chimanga chake cha phoso. Sankhani anati iye ajambula phwando lalikulu la pa Santhe. Chimene chinasowa ndi chokalipira kwa mwini makina osindikizira ku Boma.

“Ndinaona pafoni,” anatero Tiyamike, “kuti kunja anthu amasonkha buku lisanatuluke. Ofuna kudzaliwerenga ndi amene amalilipirira.”

“Imeneyo si nzeru yakunja, asisi,” Sankhani anayankha. “Ndi chipepeso cha pamaliro. Kungoti pano mwini maliro ali moyo.”

Anayendadi ndi mbale, koma mbaleyo inabwerera mmene inapitira. Kuno munthu sasonkhera chinthu chosadyedwa. Apa m'pamene Sankhani anatulukira nzeru imene inatsala pang'ono kumuthetsera banja. Analengeza pamsika kuti aliyense wosonkha adzajambulidwa m'buku, atakhala paphwando lija, akudya chimene mtima wake ukufuna. Wopereka zambiri adzakhala kutsogolo, wopereka zochepa kumbuyo.

Zimene zinachitika, atsogoleri a mipingo anayenera kutengerapo phunziro. Anthu amene mutu umawawawa Lamulungu lililonse la chopereka cha masika anabwera ndi mtedza, nkhuku, soya, ena ndi ndalama zomanga pamfundo ya chitenje. Aliyense ankafuna nyama. Palibe ndi mmodzi yemwe anati mundijambule ndi therere, ngakhale kuti therereyo ndi amene analera mudzi wonse.

Panali bambo wina wachikulire, aMphepo, woyandikana munda ndi aNambewe ndiponso wokangana nawo malire chaka ndi chaka. Iwo anabweretsa kambale ka soya. Sankhani anawachitira molingana ndi kambaleko. Anawaika kumbuyo kwenikweni, owonda ngati mzati wa chigafa, atagwira fupa limene galu nayenso ankaliyang'anitsitsa.

ANambewe poyamba ankati zonsezi ndi zachibwana. Koma atamva kuti mnzawo wa ku Mvano, mayi Modester, apereka tambala ndipo akhala mzere woyamba, anatuma Lefina kuti akaitane mwamuna wake. Sankhani anafika n'kunjuta chapatali, nkhope ataloza kuchigafa. Apongozi anakhala pamphasa ataloza kunkhokwe. Lefina anakhala pakati ngati waya wa foni. Pakhonde anali atamangirira mbuzi.

“Lefina, uwauze amuna akowa kuti mbuziyo ndi ya buku lawolo. Ine ndikhale patsogolo pa Modester. Ndipo ndisaoneke ngati nkhuni.”

“Akuti asaoneke ngati nkhuni,” anatero Lefina.

“Ndamva, mayi a ana. Tawafunseni, akhale akudya chiyani?”

“Nkhuku,” apongozi anayankha asanafunsidwe. “Osati phiko ayi. Ntchafu. Ndi mpunga. Pambali pakhale botolo la zoziziritsa kukhosi. Andivekenso nsapato.”

Sankhani anakanda pansi ndi chala. “Vuto ndi limodzi, amayi. Ine sindinakuonenipo mukudya.”

“Ndipo sadzandiona mpaka Yesu adzabwere. Lefina, uwafunse: nkhuku zimene amajambula m'matiyirumu zija anaziona kuti?”

Zinali zoona. Mkamwini saona apongozi akudya, ndipo nkhope yawo amaidziwa mmene munthu amadziwira dzuwa, pongoliba ndi ngodya ya diso. Sankhani anajambula mphuno, mpata wa mano ndi mpango wobiriwira umene aliyense ankaudziwa, zotsalazo anapeka. Anatumiza pepalalo kudzera mwa Lefina. Linabwerera ndi mawu amodzi: “Awonjezere.” Anawonjezera masaya. Linabwereranso. Anawonjezera khosi lamizere, mikono ngati mitondo, ndi mafuta akutsikira m'chigongono.

Ernest ataona anagwira pakamwa. “Achimwene, amenewa si apongozi. Imeneyi ndi mvuu ya ku damu la Lifupa.”

“Mvuuyo yapereka mbuzi,” anatero Sankhani. “Iwe wapereka chiyani, makala?”

Bukulo linatuluka dzinja lisanayandikire, la mapepala a mbee omangidwa ndi timawaya, koma linali buku, ndipo pachikuto panali maina atatu. Sankhani ankalitsegula ndi kulitseka ngati mayi wosakhulupirira kuti khandalo ndi lakedi. Anthu anaseka chitumbuwa cha Tiyamike. Matenanti anapatsirana nankafumbwe wa Ernest mpaka tsambalo linathothoka. Koma tsamba limene aliyense ankathamangira linali la pakati, pamene aNambewe anakhala ngati mkazi wa nduna, mayi Modester akungoonekera khutu kuseri kwa phewa lawo. Lachinayi aNambewe ankapita ku Mvano atalipanikiza limodzi ndi buku la nyimbo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire, Sankhani analandira mbale ya mbatata yochokera kunyumba yaikulu.

AMphepo ndi amene anavutika. Ana ankawakuwiza m'njira kuti aFupa. Iwo anagula buku lawo, n'kulikulunga m'jumbo, n'kulisunga.

Kenaka kunabwera kalembera wa makuponi. Makuponiwo ankabwera ochepa, anthu ambiri, choncho mudzi unkasonkhana pabwalo la sukulu pamaso pa alangizi ndi komiti, n'kumasankha poyera osowetsetsa. Tsiku limenelo Santhe yense ankasauka. Anthu a malata ankabwera opanda nsapato. ANambewe anali ndi chitenje chapadera, chong'ambika m'mbali, chimene chinkagona pansi pa sutikesi chaka chonse kudikira tsikuli, ndi ndodo imene masiku ena inkagwira ntchito yothamangitsira nkhuku. Anali amasiye, ndipo sankaphonya kuponi. Umasiye ndi wowawa, amene anaulawa amadziwa, ndipo Mulungu amauona. Koma alipo ena amene amauchapa, kuusita, n'kuuvala pa tsiku loyenera.

Dzina lawo litatchulidwa, aNambewe anadzuka pang'onopang'ono, akutsokomola. AMphepo nawonso anadzuka, akumasula jumbo.

“Bwana alangizi, ine ndine wosaphunzira, sinditha kulankhula. Tangotsegulani pakatipa.”

Alangiziwo, mnyamata wachilendo kuno, anatsegula. Anayang'ana tsambalo, anayang'ana mpango wobiriwira umene unali pamutu pa aNambewe, anayang'ananso tsambalo. Mapewa awo anayamba kugwedera.

“Mayi, ndinu amene mwagwira ntchafuyi?”

“Ndi bodza limenelo, mwana wanga! N'chithunzi chabe! Ine nyama ndinaidya komaliza pamaliro a bambo ake Lefina!”

“Bodza ndithu,” anavomereza aMphepo. “Tonse tikudziwa kuti ndi bodza. Koma bodzali analigula ndi mbuzi. Tandiuzani, abale anga, wosauka wake uti amapereka mbuzi kuti amunamizire?” Anatembenukira kwa alangizi. “Ine ndi uyu, bwana, kumbuyoku. Ndikulimbirana fupa ndi galu. Ndipo taonani bwino, galuyo akuoneka kuti apambana.”

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Bukulo linayenda dzanja ndi dzanja, ndipo mudzi unapeza muyeso umene unkausowa zaka zonse. Onse a mzere woyamba wa phwando anakhala pansi opanda kanthu, mayi Modester ndi khutu lawo lomwe. A kumbuyo analembedwa. Mawu aja akuti oyamba adzakhala akuthungo timawamva kutchalitchi, koma tsiku limenelo tinawaona akuyenda ndi miyendo pabwalo la sukulu. Atafika pa dzina la nyumba ya Lefina panalibe ndi mtsutso womwe. Munthu wina anakuwa kuti, “Kwa wojambula musafunse, chimanga chake timachiona tonse!” ndipo analembedwa.

Sankhani sanaseke. Ankaona msana wa apongozi ake akuchoka pabwalopo, ndodo ili kukhwapa, akuyenda ngati mtsikana.

M'mawa mwake aNambewe anaitanitsa aBenjamin, mchimwene wawo, mwini mbumba. Mphasa inayalidwa malo omwe aja. Sankhani ananjuta ataloza kuchigafa, koma ulendo uno pakhonde panalibe mbuzi. Panali zitini zake za penti, zitasanjidwa bwinobwino, mabulashi atamangidwa ndi luzi.

“Achimwene,” anayamba aNambewe, “munthu uyu ndamudyetsa, ndamupatsa munda, ndamupatsa mwana wanga. Malipiro ake wandivula pagulu. Chaka chino ndilima ndi chiyani? Atenge zitini zake. Njira ya kwa Mwase sinamere udzu.”

“Akamwini, mwamva,” anatero aBenjamin, amene nawonso anali pa mzere wachiwiri wa phwando lija ndipo anapulumuka mwamwayi. “Muli ndi mawu?”

“Amalume, ine ndinajambula zimene anandiuza. Pepala linabwerera kawiri konse, akuti ndiwonjezere.”

“Lefina, uwafunse: ndikanati adumphire m'chitsime akanadumphira?”

“Ndikhoza kujambula china,” anatero Sankhani. “Owonda. Nthiti zikuoneka. Ndikachipereke kwa alangizi.”

“Mwamva, achimwene? Tsopano akufuna andiphe ndili moyo!”

Lefina ankangopotokola ngodya ya chitenje. Kuseri kwa nkhokwe ana anali atasuzumira, wamng'ono atanyamula chitini chimodzi chimene agogo ake anaiwala, poganiza kuti akuthandiza. Sankhani anamuyang'ana mwanayo. Anaganiza za kwa Mwase, kumene malo a amayi ake anagawana kale alongo ake. Anaganizanso za munda wake wamchenga, umene popanda feteleza umabala chimanga chofika m'mawondo.

“Kuponi ya kunyumba kwathu,” anatero, “matumba ake abwere kuno. Wokulitsa ndi wobereketsa yemwe.”

Nkhuku inadutsa pakati pa mphasa ndi mkamwini, yowonda, yosafanana n'komwe ndi za pakhoma.

“Lefina,” anatero aNambewe pomaliza, “uwafunse ngati abweretsa okha kapena ndichite kulemba waganyu.”

Anabweretsa yekha. Anakagona pamzere kudepoti, anamangirira matumbawo panjinga, n'kuikankha kudutsa m'mphepete mwa munda wake womwe osayang'anako. Zitini zinabwerera kuseri kwa chigafa.

Chaka chimenecho chimanga cha Sankhani chinali chachikasu ngati penti wa patiyirumu. Mwezi wa Febuluwale ana ake ankamwa phala la madeya akuyang'ana tsamba la pakati, akukangana kuti ntchafu ya agogo akanaigawana bwanji. Cha aNambewe chinabiriwira mpaka kuda. Pofika masika, anthu anayamba kunong'onezana kuti mayiwo ayamba kufanana ndi chithunzi chija, kuyambira m'masaya.

Tiyamike ndi Ernest anabweranso ndi nzeru ya buku lachiwiri. Sankhani anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iye alowa nawo, koma munthu sadzajambulanso, ngakhale atabwera ndi ng'ombe. Amupatse nkhuku, mbuzi, ngakhale nankafumbwe, zinthu zimene sizipita ku kalembera.

Akukhalabe kuseri kwa chigafa, imvi zayamba, ana akula ali pakhomo pake. Akakumana ndi apongozi m'njira amapatukabe n'kunjuta m'udzu. Tsamba lija aNambewe analiika m'galasi, lili pakhoma pambali pa kalendala ya mpingo, ndipo mlendo aliyense amamuonetsa asanamupatse ndi madzi omwe. “Mkamwini wanga ameneyo,” amatero. “Khasu sadziwa, koma diso ali nalo.” Mphekesera ya kalembera ikangomveka, amatuma Lefina kuti akaitane amuna ake adzalitsitse, popeza msomali wake uli patali.