Chikhothi Chachikasu cha Akazi a Telala

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense pamsika ankangowatchula kuti a Mawa, chifukwa ukapita kukatenga chovala chako, iwo ankakweza magalasi pamphumi, n'kukuyang'ana ngati wawalakwira, n'kunena kuti, "Mubwere mawa, kwangotsala mabatani." Koma za ulesi tisawanamizire. Telala ameneyu ankafika pakhonde la sitolo ya zitsulo mwini sitolo asanatsegule, ndipo makina awo sankapuma. Vuto linali loti mtima wawo sunkakhutira. Kolala yoti wina aliyense akanati yatha, iwo ankaiphwasula chifukwa nsonga imodzi yapotoka pang'ono.

Akazi awo ankakhala pambali pa kampando kakafupi. Ntchito yawo inali ya maso: kulowetsa ulusi pasingano, kusokerera mabatani, ndi kusankha ulusi wogwirizana ndi nsalu m'chitini chakale cha mabisiketi. A Mawa ankangotchula mtundu n'kutambasula dzanja osatembenuka, ulusi woyenera n'kugwera m'manja. Anakalambira limodzi pakhondepo akugwira ntchito motero.

Mayiwa anakulira m'tsinde mwa phiri lalitali, kutali ndi tauni. Ali mtsikana anakwerako kamodzi ndi achimwene awo pakati pa dzinja, mpaka pamwamba pamene mitengo imathera. Nkhani ya ulendowo sinkawachoka pakamwa.

"Bambo, kumene kuja kuli dambo lalikulu, lozizira, lopanda ndi mtengo umodzi womwe," ankatero. "Nkhungu ikangoyalula chonchi, mumaona maluwa okhaokha, ofiira, achikasu, apepo, mpaka kumene maso athera. Nsalu zanu mumanyadirazi n'zosuluka."

"Tidzapita, mayi. Dzinja likubwerali."

Maluwa amenewo sadikira munthu. Amaphuka mvula ikakhazikika, pakangopita milungu yochepa n'kufota, ndipo wokwera nthawi yadzuwa amakangopeza udzu wouma. A Mawa ankadziwa zimenezi, ndipo lonjezo lawo silinali lapakamwa chabe. Kungoti dzinja linkafika ndi mulu wa mayunifolomu. Kenaka kunabwera mwana, kenaka denga lodontha, kenaka maliro a uje ndi uje.

Koma kukonzekera kokha, bamboyu analibe mnzake. Alamu awo, amene anakwera ndi mayi aja, akabwera kudzacheza, a Mawa sankawapatsa mpata ngakhale womwa tiyi. Kodi mtsinje wapanjira umadzaza nthawi yanji? Mitambo imatseka phiri dzuwa lili pati? Nanga misundu? Alamu ankayankha moleza: kunyamuka kusanache, kuwoloka mtsinje mvula yamasana isanagwe, kutenga mchere wothira misundu ikamata m'miyendo, kugona m'kanyumba ka alonda a nkhalango. Tsiku lina anatopa nazo.

"Alamu, inu phiri ili mwalikwera kambirimbiri muli pampando. Ife tinakwera ndi mapatapata, titafunda mapepala apulasitiki."

"Mkazi wanga sangafunde pepala ine ndili telala," anatero a Mawa, ndipo zinawapweteka ndithu.

Anagula majombo awiriawiri. Anasema ndodo, n'kuzipala mpaka zitasalala. Kenaka anapeza nsalu yosalowa madzi, yachikasu chowala, kuti mayi asawasowe m'nkhungu, n'kuyamba kusoka zikhothi ziwiri za mvula. Chawo anachimaliza tsiku limodzi, poti analibe nacho ntchito kaonekedwe kake. Cha mayi ndiye chinakhala ngati munda wosatha kupalira. Chaka chilichonse mitambo ikayamba kusonkhana, ankachitsitsa pamsomali, n'kuwaimika mayi pakati pa chipinda, tepi m'khosi, choko m'manja. Zaka zoyamba ankachikulitsa, akuseka kuti mayi akudya bwino. Matenda a shuga atalowa anayamba kuchibweza. Tepi sinama, ndipo a Mawa ankaona bwinobwino zimene inkawauza, koma ankangolemba mzere wa choko basi.

Mwana wawo wamkazi ndi amene anaperekeza mayi ake kuchipatala cha maso. Pobwerako anawatengera bambo ake kuseri kwa sitolo.

"Ababa, adokotala akuti shuga wafika m'maso, ndipo sizibwereranso m'mbuyo. Ngati n'kupita kuphiri kuja, pitani dzinja lino. Pakhonde ndikhalapo ine."

A Mawa anachita mantha enieni, ndipo mantha awo anathera m'makina. Anaganiza zoti munthu wa shuga afunika thumba lamkati losungira mankhwala ndi maswiti, ndiye anasoka thumba. Anaganiza za kuzizira, n'kuika nsalu yofunda mkati mwa chipewa. Atatha, anayala chikhothicho patebulo n'kuthira madzi a m'kapu pamsoko wa paphewa kuti aone ngati ukulowa. Kadontho kamodzi kanatulukira mkati. Kamodzi kokha! Munthu wina akanapaka kandulo pamsokopo n'kukakwera basi. Iwo anaphwasula phewa lonse, n'kuyamba kufunafuna ulusi wolimba umene sitolo zonse za m'tauni zinalibe. Pamene ulusiwo unkapezeka n'kuti mvula itakata, alamu atatumiza uthenga kuti kumwamba kwauma.

Mayi sanadandaule. Anangoti, "Palibe kanthu, bambo," n'kupitiriza kusokerera mabatani. Chaka chimenecho anasiya kulowetsa ulusi pasingano, ati dzanja likunjenjemera. Koma ulusi wa m'chitini ankaperekabe wolondola, ndipo a Mawa ankadzitonthoza nazo kuti maso akadalipo.

Dzinja lotsatira linayamba mwaukali. Masana ena mphepo inakankha mvula mpaka pakhonde, anthu ousa mvula n'kupanikizana pamenepo, wina n'kugunda chitini chija. Ulusi unamwazika pansi ponse. Mayi anagwada n'kuyamba kutola, akupapasa pasimenti, n'kumaponya m'chitini mmene waugwirira. Mvula itachepa anthu n'kubalalika, a Mawa anatulutsa chikhothi. Kunangotsala kupinda m'munsi basi.

"Wachikasu, mayi."

Anatambasula dzanja. Munagwera ulusi patapita kanthawi, ndipo atayang'ana anaona kuti ndi wobiriwira.

Anatembenuka. Mayi anali atatukula nkhope, akudikira kumva makina. Zala zawo zinkayendayenda m'chitini, kukhudza uwu, kukhudza uwo. Apa m'pamene a Mawa anazindikira kuti chaka chonsechi akazi awo sankaona mitundu. Ankangodziwa pamene ulusi uliwonse umakhala, wofiira pakona iyi, woyera pakati, wachikasu pafupi ndi chala chachikulu, ndipo tsopano zonse zinali zitasokonekera.

"Bwanji, bambo? Si umenewo?"

"Ndi womwewo."

Analowetsa ulusi wobiriwirawo m'makina n'kupinda chikhothi chonse kuzungulira. Mzerewo unkaonekera patali pansalu yachikasu, chinthu choti tsiku lina lililonse akanachiphwasula asanameze malovu. Anadula ulusi, n'kukung'untha chovalacho, n'kuwaveka mayi pomwepo pakhonde. Chinawakhala bwino kwambiri. Mayi anasisita manja a chikhothicho, napeza thumba lamkati, namwetulira.

"Chatha," anatero a Mawa. "Loweruka tinyamuka. Alamu ndiwauza lero. Ndikugwirani dzanja njira yonse, ndipo tikafika ndizikuuzani duwa lililonse, ili lofiira, ili lapepo."

Madzi ankadontha kuchokera pamalata n'kumagwera m'ndowa imene mwini sitolo anatchera.

"Bambo, ine pano ngakhale nkhope yanu ndimangoona chithunzithunzi," anatero mayi mofatsa, mopanda mkwiyo. "Maluwawo ine ndinawaona kale, ndipo ndikatsinzina ndimawaonabe. Amene simunawaone ndinu. Zaka zonsezi ndimafuna ndidzaime pambali, nkhungu ikamayalula, ndidzakuoneni inu mukuwaona. Mwina tsiku limenelo mukanapeza chinthu chosafuna kukonza."

Mayi anavula chikhothicho, nachipinda bwinobwino manja m'kati monga ankachitira ndi zovala za makasitomala, nachiika pamwamba pa mulu wa zomalizidwa. Kenaka anakhalanso pakampando kawo, nakoka chitini n'kuchiika pamiyendo.

"Tandiuzani mitunduyi umodziumodzi," anatero, "ndiubwezere m'malo mwake."